Mbali Yomwe Amalume Anadula

Lolemba, 7 Julayi

Kuzizira koopsa. M'mawa udzu wa m'mbali mwa munda wa tirigu unali mbuu ngati wina wawazapo ufa. Ndafika kusukulu zala zitauma, cholembera osagwirika.

Madzulo kwabwera amalume a Lazalo, foni yawo ataikulunga m'kampango. Pa 26 pali mwambo wa chiliza cha agogo a Filesi, bambo wawo iwo ndi amayi. Akufuna chinsalu chachikulu chokhala ndi nkhope ya agogo, zija amasindikiza ku Chinhoyi, chidzaimikidwe pabwalo gule akamavina. Kushopuko anapitako kale, mnyamata wake anawabweza. Akuti chithunzi anamutumizira pa WhatsApp chija n'chaching'ono, akachikulitsa nkhope idzangokhala phala. Akufuna chenichenicho, pa fulashi, chokonzakonza, dzina lili pansi.

"Ndiye ndinati ine ndili ndi mphwanga wa Fomu 3, Jasten, amangokhala duu kuyang'ana anthu. Ayang'aneko kompyuta."

Amayi aseka. Abambo anali pakhomo akusoka jombo yawo ndi kawaya, sanadzutse mutu.

Chithunzicho ndachiona. Agogo akhala pachitsa, ng'oma yawo ya mbalule ili pakati pa miyendo, kumutu chipewa chija cha kampani ya feteleza. Akuyang'ana kumbali. Ndiye chomaliza, atangojambulidwa chimenechi anayamba kudwala. Koma n'chopapatiza modabwitsa, ngati chitseko. Amalume akuti anachidula okha mufonimo, "kumbaliko kunali zinyalala."

Ndavomera. Palibe anandipatsapo ntchito yoti ikhale yangayanga.

Lachiwiri, 8 Julayi

A Gwenzi, aphunzitsi a makompyuta, andilola. Tikaweruka, kompyuta ya pazenera, bola ndisawaikire "mavairasi a kukomboni". Muli GIMP, pulogalamu ya zithunzi ija tinajambulira baji ya sukulu temu yatha. Ndimaikonda. Siifunsa chifukwa chake sulankhula.

Ndinaganiza kuti n'zophweka: foni, kebulo, kompyuta, GIMP, fulashi, basi.

Kebulo ya amalume imangotchaja. Kompyuta siikuiona n'komwe foniyo. Mnzanga Nevermind, ndizingolemba N., amene amakhala pa kompyuta yoyandikana nayo kusewera makadi n'kumadya mobisa mbuliuli zija kuno amati maputi, waigwira n'kuigwedeza. "Shaa, iyi ndi ya pamsika. Kamangire mbuzi."

Foni ya amalume ndikuyenda nayo ine masiku ano. Imalira nyimbo ya kwaya. Wina waimba kufunsa za nkhuni za kubalani, ndamuyankha ngati kalaliki.

Lachitatu, 9 Julayi

A Gwenzi andibwereka kebulo yawo. Foni yatseguka, mafoda mbwee. Fodya ali m'munda, fodya ali m'balani, fodya ali pabelo, ng'ombe, ng'ombe ina, chala cha amalume. Agogo mulibe.

Mufoni ndikuwaona. Mukompyuta mulibe. Ndinazula kebulo, kulumikizanso, kuzulanso, mpaka a Gwenzi anabwera okha. Akuti pulogalamu yosungira zithunzi ija, foni ikadzaza, imakweza zithunzi zakale pa intaneti n'kusiya kachithunzi kongoonetsa. Chenicheni chili "kumtambo". Kuti ndichitsitse ndiyenera kulowa mu akaunti ya amalume pakompyuta.

Amalume pasiwedi sakuidziwa. Sakudziwanso kuti ali ndi akaunti. Nditawafotokozera anaseka okha mpaka kutsokomola. Akuti zonsezo anakonza ndi Primrose, mwana wawo amene amaluka tsitsi ku Norton.

Lachinayi, 10 Julayi

Primrose, ndizingolemba P., waimba masana, kumbuyo kwake makina oumitsira tsitsi ali wuu. Pasiwedi ndi dzina la galu wawo wakale uja amalume ankadana naye. Watinso: "Uwauze adadi asiye kujambula ng'ombe. Akaunti ndi imodzi ndi yanga, chilichonse ajambula chimafika kuno. Ndikufuna kuonetsa kasitomala maluko, kukutuluka ng'ombe."

Intaneti ya kusukulu lero kunalibe.

Ndabwerera njira ya kudamu. Pivoti, makina aja a mapaipi ozungulira munda, ikuthirira tirigu, dzuwa lapendeka, kautawaleza kakuyenda limodzi ndi madzi. Abambo anali m'kanyumba ka pampu, ndinangoona msana wawo. Ndinaima pang'ono. Sindinawaitane. Ife timatero, iwo chete ine chete, ndipo sizipweteka.

Lachisanu, 11 Julayi

Sindikudziwa poyambira.

Intaneti inabwera. Ndalowa. Zithunzi za amalume ndi za P. zasakanikirana, ng'ombe, tsitsi, ng'ombe, tsitsi. Agogo ndawapeza. Potsitsa, pulogalamu inandifunsa: chokonzedwa kapena choyambirira? A Gwenzi amati nthawi zonse tenga choyambirira, ndicho chimakhala ndi timadontho tonse, sichiphwanyika ukachikulitsa. Ndatenga choyambirira. Ndachikokera mu GIMP.

Chinatseguka chotambalala. Osati chitseko chija.

Kudula kwa mufoni si kudula ayi. Imangophimba. Zonse amalume anadula zinabwerera.

Agogo ali kumanzere, monga kale. Kumanja ndi kuseri kwa mabalani akale, paja amatchinga ndi udzu pakakhala gule, paja akazi ndi ife osameta sitifikapo. Pansi pa mtengo pakhala Chadzunda, chilombo chachikulu cha gule, masaka ake ndi zikopa, miyendo ili mbuu ndi phulusa. Chigoba chake chakuda chija, cha makwinya, chakwezedwa pamutu ngati chipewa. Pansi pake nkhope ya munthu.

Abambo.

Akuseka. Kukamwa konse, maso atatsinzina, ngati agogo angonena kanthu. Ine sindinawaonepo akuseka choncho. Ndinayamba ndaona kusekako, kenako m'pamene ndinazindikira mwini wake.

N. anasuzumira. "Zvigure zvenyu izvo?" anafunsa m'chilankhulo chake, kutanthauza zilombo zathu za gule. Ndinagwetsa windo msangamsanga, ndinati ndi agogo chabe. Anabwerera kumakadi ake. Ndikuti ndifufute, magetsi anazima. A Gwenzi: tulukani nonse, ndikukhoma, tionana Lolemba.

Chithunzi chili mufoda ya zotsitsa, pakompyuta ya pazenera. Mu akaunti sindinatuluke. Lolemba m'mawa mulabu mumalowa a Fomu 1.

Loweruka, 12 Julayi

Tsiku lonse kushedi, kuthandiza amayi kumanga fodya wotsalira. Anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi fumbi.

Ndikuganiza za Reason, wa nyumba ya kumapeto kwa layini yathu. Anakwera mtengo kuti asuzumire kuseri kwa mabalani, anamuona. Tsiku lomwelo anamutengera kudambwe, kumene amameta anyamata. Wosameta akaona ndiye kuti walowa, palibe zokambirana. Anabwerako mutu uli mbee, mayeso atadutsa, ndipo kusukulu sanabwererenso. Ine mayeso a temu akuyamba mwezi uno. Amayi ananena pamaso pa amalume kuti za kudambwe ine ayi mpaka nditamaliza Fomu 4.

Komanso si za ine ndekha. Nkhope ija ikaonedwa ndi mwana mmodzi wa Fomu 1, mawa lake ili m'mafoni a pafamu yonse, mpaka kumafamu a kutsidya. Abambo adzayenda bwanji pakomboni? Nanga amalume, amene anajambula pamalo posajambula?

China. Gule akamavina, abambo amakhala ali "kupampu". Chaka ndi chaka. Pampu imafa tsiku la gule lokhalokha. Ndipo ine ndimadziyesa munthu woona zinthu.

Lamulungu, 13 Julayi

Kutchalitchi. Abambo benchi yakumbuyo monga mwa masiku onse, nyimbo amangoyendetsa milomo. Ndinawayang'ana miyendo. Chadzunda amalowa pabwalo ngati nkhalamba yothyoka msana, kenako mbalule ikalira amazungulira mpaka fumbi kuphimba akazi oimba. Miyendo yomweyi? Yovala masokosi osiyana mitundu?

Ndakumbukira chinthu. Gule akatha, amayi amatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, kuika beseni pamapazi a abambo.

"Pampu ija yakuvutitsaninso lero."

"Yavuta."

"Koma anthu akuti madzi anatuluka bwino."

Ine ndinkamva ngati nkhani ya pampu.

Amayi amadziwa. Mwina akazi onse aja amathawa akukuwa amadziwa. Koma funsa aliyense wa iwo, adzakuuza kuti zilombo zimachokera kumanda, nkhope ili phee, n'kupitiriza kuchapa.

Masana abambo anagona pampasa padzuwa, chipewa kumaso. Ndinakhala pafupi ndi buku la Jogalafe. Sindinawerenge kanthu. Koma sindinali wokhumudwa. Zinali ngati m'nyumba mwathu mwapezeka chipinda china chimene sindinkachidziwa.

Lolemba, 14 Julayi

Ndanyamuka osamwa tiyi. Ndinawadikira a Gwenzi pakhomo la labu, ndinati ndinaiwala kutuluka mu akaunti ya amalume. Si bodza. Anandiponyera makiyi n'kupita kuofesi.

Kompyuta ya pazenera imadzuka ngati ili ndi nyamakazi. Ana a Fomu 1 ndikuwamva panja akufola.

Choyamba ndadula mu GIMP, kudula kwenikweni, n'kusunga ngati chithunzi chatsopano. Ukatero zomwe wadula sizibwereranso. Ndachitsegulanso kuti nditsimikize. Agogo okha. Kenako choyambirira chija. Ndisanafufute ndinachikulitsa. Dzino la abambo lobenthuka lija likuoneka bwinobwino. Dzanja linafika pa fulashi m'thumba. Foda yolembedwa Jogalafe, angaitsegule ndani? Koma fulashi yanga N. amaitenga osapempha. Ndinaisiya m'thumba momwemo.

Kufufuta. Kukhuthula bini. Mu GIMP muli mndandanda wa zithunzi zomwe watsegula posachedwa, ndipo kankhope kaja kanali momwemo, kakang'ono ngati njere ya chimanga koma kodziwika. Ndikanapanda kuyang'ana! Kuchotsa. Mu intaneti namonso, mbiri ya zotsitsa. Kutuluka mu akaunti.

Kamtsikana ka Fomu 1 kanafika n'kuima pambali panga. "Mukoma, pano ndi panga." Ndinakaimirira ngati ndi mfumukazi.

Masana ndadya maputi a N. Anadabwa. Akuti kuyambira Fomu 1 sindinalandirepo.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ntchito yeniyeni tsopano, ndipo ndikuikonda.

Nkhope ya agogo inali mumthunzi wa chipewa. Ndaiwalitsa pang'onopang'ono mpaka maso atulukira. Ukafulumira khungu limatuwa ngati la munthu wodwala, ndabwerera m'mbuyo kangapo. Pakolala panali ntchentche, ndaichotsa. Dzina la kampani ya feteleza ndinafuna kulifufuta, ndalisiya. Popanda ilo si chipewa chawo. M'mphepete munkaonekabe udzu wotchinga uja, ndaufewetsa mpaka wangokhala mtundu wa khaki. Palibe angadziwe kuti ndi pati.

Ndikakulitsa kwambiri ndimaona zomwe sindinazione ali moyo. Zikhadabo zong'ambika ndi ng'oma. Batani la shati losokedwa ndi ulusi wofiira, ndithu anasoka ndi amayi.

Lachitatu, 16 Julayi

Nkhondo ya mawu a pansi. Amalume akufuna "Woimba mbalule, wa ku Dedza." Amayi akufuna vesi. Amalume akuti vesi ili kale pamwala. Amayi akuti pamwala amawerenga ndi akufa okhaokha. Ndaika zonse, vesi yaing'ono pang'ono. Asadziwe.

A Gwenzi anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. "Hmm. Zvakanaka." Ndiye kuti zili bwino, ndipo kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri.

N. akufuna ndimuchotsere ziphuphu pachithunzi chake. Ndamuuza kuti GIMP si mankhwala.

Lachinayi, 17 Julayi

Ndaika chomalizidwacho pa fulashi, china ndalowetsa mufoni ya amalume kuti aone, foni ndawabwezera. Anachiyang'ana. Anafwenthera. Anati fodya wa chaka chino akuyabwa m'maso.

Ndinali wokondwa mpaka ananena izi: P. waimba. Akufuna kutsukitsa tizithunzi tating'ono ta agogo togawira abale pa 26. Wa shopu ya ku Norton wamuuza zomwezija, za pa WhatsApp ayi, atsitse choyambirira. Akuti achita sabata yamawa akapeza mpata.

Kusukulu ndinasesa bwino, koma kumtambo chikadalipo chonse.

"Amalume, foni ija."

"Yatani?"

"Batire. Isamatheretu."

Wamantha ine.

Lachisanu, 18 Julayi

Pasiwedi ndili nayo. Ndikhoza kulowa mwakachetechete n'kuchifufuta, ndinaganiza zimenezo phunziro lonse la Masamu. Koma ndani akudziwa kuti amalume anadula zithunzi zingati? Kuti ndizipeze ndiyenera kutsegula chimodzichimodzi, kuona nkhope zina. Ndipo pa 26 adzajambulanso, adzadulanso, mtima uli m'malo, zonse n'kumapita ku Norton pakati pa maluko.

Ndikanena, ndavomera kuti ndinaona. Ndikapanda kunena, aona onse.

Loweruka, 19 Julayi

Ndinawapeza kubalani yatsopano, okha, akumata ng'anjo ndi dothi. Ndinayamba ndawathandiza kuponda dothilo. Mapazi atafa ndi kuzizira m'pamene pakamwa panatseguka.

"Amalume, foni yanu ikadula chithunzi sitaya. Imangobisa."

Anasiya kumata.

"Ukuti chiyani?"

Ndinapempha foni. Ndinawaonetsa kabatani kobwezera, osakadina. Ndinati mukadina apa, zomwe munadula zibwerera. P. akatsitsa choyambirira zibwereranso. Wa shopu aziona, abale aziona.

Anapukuta chala pabuluku, analanda foni, anandifulatira, anadina okha. Ndinaona khosi lawo likuuma. Njiwa zikulira padenga la balani.

"Mayo ine."

Kenako anatembenuka.

"Iwe unadina?"

"Kompyuta inatsegula chonse."

"Anaona ndani?"

"Palibe. Kusukulu ndinafufuta paliponse."

"Iwe unaona chiyani?"

M'maganizo ndinaona Reason ndi mutu wake wa mbee. Ndiye ndinayankha mmene akanayankhira amayi.

"Ndinaona chilombo chitakhala pamthunzi."

"Chilombo chanji?"

"Chadzunda."

"Ndi ndani wina?"

"Agogo basi."

"Chadzunda amachokera kuti?"

"Kumanda."

Anandiyang'ana, ine ndikuyang'ana dothi la kumapazi kwanga. Kenako ndinamva akuseka ndi mphuno.

"Mwana wa mlongo wanga ndithu. Tameta anyamata ambirimbiri amene mpaka lero sadziwa kuyankha choncho."

Ndinawafunsa ngati pali zina anadula. Anakanda kumutu ndi dzanja lamatope. Zilipo. Ndiye tinagwira ntchito motere: ine ndayang'ana khoma la balani, iwo kumbuyo kwanga ndi foni, ine ndikulamula ngati woyendetsa thirakitala wosaona. Gwirani chithunzicho mpaka chichite chizindikiro. Dinani kabini. Ayi, osati ng'ombe. Bwezani ng'ombe. Tsopano pitani kumene kwalembedwa zinyalala, mukhuthulenso kumeneko, apo ayi zikhala momwemo. Iwo akutukwana foni, akutukwana P., akutukwana amene anapanga mitambo. Munthu akanationa akanati tapenga.

Chatsala chimodzi. Anandigwira phewa, kundipatsa foni.

"Cha agogo ako chatsopano chija chilimo kale, eti? Ichi chakale fufuta wekha. Ine ndikasambe m'manja."

Mpopi uli pafupi pomwepo. Anachedwa ngati apita kudamu.

Ndinayang'ana. Ndinayang'ana mpaka sikirini inazima yokha, ndinaiyatsanso. Kenako ndinafufuta, ndi kuzinyalala komwe.

Atabwera sindinafunse za kudambwe, anayamba okha. "Lemba mayeso ako. Ukadzamaliza Fomu 4 udzandipeze wekha, ngati udzafune. Amayi ako ine ndimawaopa."

"Abambo muwauza?"

"Abambo ako zikuwakhudza pati? Si anali kupampu iwo aja?"

Tamaliza kumata ng'anjo limodzi. Yatuluka yokhota.

Lamulungu, 20 Julayi

Ndamutumizira P. cha agogo chatsopano, chonse, osati chofinyidwa. Ndamuuzanso kuti akabwera tilekanitse maakaunti. Wayankha: "Aleluya, ng'ombe zipite kwawo."

Ndagona masana ngati mwana.

Lachitatu, 23 Julayi

Mayeso ayamba. Masamu, bola. Funso lomaliza ndangolipatsa moni.

Chinsalu chafika kuchokera ku Chinhoyi pa kombi, kaminibasi ka madzulo kaja, chokulungidwa ngati mkeka, amalume atachinyamula paphewa kuchokera kumsewu. Tachitambasula pabwalo la nyumba. Chachikulu kuposa chitseko chathu, ndipo sichinaphwanyike ngakhale pang'ono, ulusi wofiira uja ukuoneka. Ana a layini yonse anazungulira. Mayi wina woyandikana nafe anagwada n'kuwapatsa agogo moni. Amayi anagwira tsaya la pansalupo ndi nsonga za zala, kenako anati vesi yachepa.

Abambo anafika kuchokera kuntchito, jombo zili m'manja. Anaima kumapazi kwa chinsalucho nthawi yaitali.

"Chipewa unachisiya."

"Eya."

"Wachita bwino."

Loweruka, 26 Julayi

M'mawa kumanda. Abusa apemphera, amayi a Mvano aimba, nsalu yoyera yachotsedwa pamwala. P. wagawa tizithunzi take, ena akulimbirana. Anthu achokera ku Centenary, ena ku Norton, ena sindikuwadziwa koma onse akundidziwa: "Ndiwe wa kompyuta uja?" Abambo sanaonekenso chitatha chakudya. Palibe anafunsa.

Masana gule, pabwalo la mpira. Mphepo ya Julayi. Chinsalu anachimangirira pamitengo iwiri, umodzi sunkaima, ukungogwa. Amalume anayang'ana uku ndi uku.

"Jasten! Gwira apa. Usasiye ngakhale kugwe mvula."

Ndiye ndinapezeka kutsogolo, mkati mwa bwalo, pafupi ndi ng'oma, pamene sindinaimepo chibadwire. Mbalule ya agogo akuimba ndi mnyamata wina wa kufamu ya kutsidya. Imamveka m'mimba, osati m'makutu.

Zilombo zing'onozing'ono zinayamba, nthenga ndi fumbi. Dzuwa litapendeka akazi anasintha nyimbo, ndipo anatulukira Chadzunda, wopindika msana, ndodo kutsogolo, kukoka mwendo. Ana balala. Akazi kukuwa, kubwerera m'mbuyo, kuseka, kukuwanso. Miyendo yanga inafuna kuwatsatira, koma mtengo.

Sanapite pakati pa bwalo. Anabwera molunjika kuchinsalu. Anaima pamaso pa agogo, n'kugwada, mutu pansi. Ng'oma zinatsika mpaka kungotsala kugunda kumodzi.

Kenako anadzuka n'kutembenukira kwa ine. Pafupi kwambiri. Fungo la masaka ndi utsi, mpweya ukumveka m'kati mwa chigoba. Ndinayang'ana pansi, monga ayenera kuchitira wosameta. Ndinkangoona phulusa la pamapazi.

Chilombo chinalankhula ndi mawu ake aja opyapyala, a m'mphuno, kuti bwalo lonse limve.

"Wamudzutsa ndani mkulu ameneyu?"

Ndiye pakati pa akazi panamveka amayi, mawu amene amaitanira nkhuku:

"Mwana wanga!"

Nthungululu. Chadzunda anakweza mchira wake wa ng'ombe n'kuuika pamutu panga. Sanaukwapule monga amachitira ndi ana. Anangousiya pomwepo, wolemera, ndi dzanja lake pamwamba, nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira. Kenako mbalule inang'ambika ndipo anachoka ngati kamvuluvulu.

Fumbi lonse linandilowa m'maso. Manja onse awiri anali pamtengo, ndinalibe chopukutira. Ndinangosiya misozi itsike.